Malo anga a sukulu anakwera galimoto ndikuona

Anandilanda malo a sukulu dzuwa likuswa mtengo, chikwama chili pakhomo. Anamwino anzanga a kuno ku Lundazi, imvani zimene inandichita ofesi ya bungwe lija lothandiza zipatala zakumidzi.

Ndine NyaMtonga, namwino pa kiliniki ina ku Chikomeni. Ndinafika kumeneko chaka cha chilala chija, tikudya chimanga chachikasu. Chaka chomwecho mayi wina anandifera m'manja. Mwana anapingasa m'mimba. Tinathamangira naye kuchipatala chachikulu. Dokotala analipo, zipangizo zinalipo, koma munthu wogonetsa odwala pa opaleshoni kunalibe. Kuyambira tsiku limenelo mtima wanga unali pa ntchito imeneyo.

Bungwelo litalengeza kuti litumiza namwino mmodzi ku Lusaka kukaphunzira kugonetsa odwala, amene anadzandiuza ndi asisita Nyirenda, otiyang'anira anamwinofe. Iwowa ndi amene anandigwira dzanja pobaya jakisoni wanga woyamba. Ndinkawaitana kuti amama. Anatsika pa njinga yamoto, fumbi lili mbuu, n'kunena kuti, "Mwana wanga, malo aya ni ako. Kalembe mayeso."

Ndinalemba. Ndinapambana. A Zimba, mkulu wa ofesiyo, anandigwira chanza pamaso pa anthu, amvekere ndikonzeke, galimoto inyamuka Lolemba.

Ndinakonzekadi. Ana anga awiri ndinakawasiya kwa akulu anga ku Magodi, wamng'onoyo akulira atakakamira chitenje changa. Makiyi a kiliniki ndinapereka. M'nyumba ndinatulukamo kuti alowemo namwino watsopano. Amayi a kusikelo anandivinira, ena n'kundimangira nshawa zodya panjira.

Lolemba m'mawa amuna anga, a Lungu, anandinyamulira chikwama mpaka pa ofesi. Galimoto inali panja. Kutsogolo kunakhala Mabvuto, namwino amene ndinamuphunzitsa ntchito ine ndemwe atangotuluka kusukulu. Ndinati monile. Anangoyang'ana mawondo ake.

Kalaliki anati tidikire pa benchi, abwana akumwa tiyi. Tinadikira. Dalaivala akukweza katundu wa Mabvuto, ife tili pa benchi. Nditatopa ndinangolowa osagogoda.

"A NyaMtonga, pepani," anatero a Zimba, kapu ili m'manja. "Komiti inasintha maganizo."

"Liti?"

"Sabata yatha."

Sabata yatha! Pamene ine ndinkasamutsa ana? Njinga yamoto imene imabwera kudzatenga malipoti mwezi ndi mwezi inaiwala njira ya ku Chikomeni?

Ndinafunsa chifukwa. Akuti ndine mkazi wapabanja, maphunzirowo ndi aatali, ndipo amuna anga sanabwere kudzavomereza. A Lungu anali pakhomo. Anavula chipewa, n'kulowa.

"Nili pano, bwana. Navomela. Chikwama ichi nanyamula ndine."

"Mwachedwa, achikulile."

Achedwa? Anawaitana ndani? Lamulo limenelo linali kuti pamene ndinkalemba mayeso? Mabvuto naye ali pabanja. Mkazi wake munamuitana kudzavomereza?

A Zimba anatukula mapewa. Amvekere nkhaniyo sanaiyambitse ndi iwo, ndikafunse asisita anga, ndiwo anaikamba m'komiti.

Ndinatuluka, n'kuwapeza asisita Nyirenda pakhonde, akufuna kuzembera kuseri.

"Amama, n'zoona?"

"Nakuchitila zabwino, mwana wanga. Lusaka imapasula manyumba." Anakonza kolala ya yunifolomu yanga ngati kale. Kenaka anatsitsa mawu. "Ndiponso iwe ukachoka, kiliniki ija angaikwanitse nindani?"

Ndiye chifukwa chenicheni chinali chimenecho. Ndinalakwa kugwira bwino ntchito. Ndikanakhala waulesi, bwenzi pano ndili m'kalasi.

Tili chilankhulire, galimoto inatuluka pageti. Palibe anandiuza ngakhale kuti ndibwerere bwanji. A Lungu anasenzanso chikwama, tinakakwera lole ya fodya.

Pano ndili ku Chikomeni komweko. Nyumba ili ndi mwini wake watsopano, ife tikugona m'kachipinda kosungira makatoni a mankhwala. Ana akadali ku Magodi, chifukwa ndiwagoneka pati? Amayi aja akandiona amadabwa. "Anesi, mwabwelako kale?" Ndimangoweramira sikelo.

A Zimba, ndikufuna mundionetse pamene palembedwa kuti namwino wamkazi sapita kusukulu popanda mwamuna kudzagwada mu ofesi mwanu. Ngati palibe, nenani poyera kuti munandinamiza, ndipo munene chimene muchitepo.

Anzanga, akakugwirani chanza mu ofesi imeneyo, musapereke makiyi, musasamutse ana. Yambani mwakhala m'galimotomo, chitseko chitsekedwe.

Ndipo inu asisita Nyirenda, mukadzabweranso ku Chikomeni, ntchito ndidzakuonetsani, malipoti ndidzakupatsani. Koma musadzanditchulenso kuti mwana wanu.