Sowo Yopanda Phokoso

Anzanga, musaseke kuti gogo wa zidzukulu zisanu ndi ziwiri akukamba za chibwenzi. Mtima sumera imvi.

Ndinakumana nawo chifukwa cha nthambi ya bulugamu imene inkapala malata anga mphepo ikawomba. Ndinaitanitsa wodula mitengo. Pageti panafika bambo wa imvi mbuu, chingwe paphewa, sowo ya petulo kumanja.

"Inuyo mukwera umo?" ndinafunsa. "Mukagwa, ine bokosi ndilibe."

"Mayi, ingogwirani chingwechi. Pakamwapo papumeko."

Chimwalirire bambo a ana anga, panalibe amene anandiyankhapo chotero. Ndinagwira chingwe. Iwo anakwera ngati gologolo, ndipo dzina linakhala lomwelo: a Gologolo.

Nthambi inatsika bwinobwino, osakhudza malata. Mawa lake anabwera, ati anaiwala mafuta a tcheni. Mkuja wake, ati magolovesi. Tsiku lachitatu ndinawauza kuti, "Iwalaniko ndi manyazi omwe, munene chimene mukufuna."

Ananena.

Zaka ziwiri tinagwira ntchito limodzi, iwo m'mwamba, ine pansi ndi chingwe. Foni ndinkayankha ine. Makasitomala ovuta ndinkathana nawo ine. Zida zinkagona pakhonde panga, utuchi mpaka m'mabulangete, koma sindinkadandaula.

Sowo ija inali ndi mkokomo ngati njinga yamoto yokalamba. Tsiku limene mawondo andikaniza kupita, ndinkangokhala pakhonde n'kumamvetsera: lero ali chakusukulu... aima, akudya... ayambanso. Vuto lake inkawagonthetsa. Ine ndikati "ndimakukondani," iwo amvekere, "Ndani?"

Ndiye ineyo, ndi miyendo yanga yomwe, ndinawakokera kusitolo.

"Tigule ya batire."

"Chidole chimenecho? Bulugamu sichingamuthe."

"Thunthu muzidula ndi yakale, nthambi muzisadza ndi iyi. Ine ndikufuna mwamuna wakumva."

Tinagula, pamodzi ndi chisoti ndi lamba wokwerera. Sowo yatsopanoyo inkangonong'ona. Kuyambira pamenepo, akachoka pakhomo ndinkangomva mbalame basi.

Kenako hotela ina inatiitana kuti tizisamala mitengo yawo yonse, koma ati tionetse kaye pepala loti tinalembetsa za msonkho. Tinagwirizana kuti bizinesi ilembedwe m'maina a tonse awiri, adiresi ikhale ya nyumba yanga. Tsiku lopita ku ofesi, bondo langa linadzuka litatupa ngati mpira.

"Pumani, mayi. Ndipatseni chitupa chanu, ndikalembetsa ndekha."

Ndinawapatsa, n'kuwasitira malaya.

Sabata inatha. Mwezi unatha.

"Pepala lili kuti?"

"Kompyuta yawo yavuta."

"Nanga lero?"

"Wosaina ali pa tchuthi."

A kuhotela akuimbira ine, ine n'kumawanamiza mabodza a munthu wina. Ndinatopa. Ndinamanga bondo ndi bandeji, ulendo wa ku ofesi ya misonkho. Maola atatu pa benchi yachitsulo, mpaka msana kuuma gwa.

Kalaliki wake anali mtsikana wa magalasi. "Pepala linatuluka kalekale, amayi. Inu ndinu ndani pa bizinesiyi?"

"Mwini wake mnzawo."

Ananditembenuzira kompyuta. Ine kuwerenga ndimachita kukwawa, koma dzina langa ndimalidziwa ngakhale lili chadodolido. La a Gologolo linalipo. Lachiwiri silinali langa. Linali la mkazi wina, ndipo adiresi inali ya msewu wa kuseri kwa depoti ya mabasi.

"Mwina ndi ana anu?" anatero mtsikanayo, mondimvera chisoni.

"Ana anga ndimawadziwa, mwana wanga."

Nditafika pa msewuwo, nambala ya nyumba sindinachite kuifuna. Pabwalo lina panali mtengo wa mapeyala wometedwa ngati nkhuku yososola. Mtengo timasadza kamodzi pachaka. Uwu unkaoneka kuti sabata iliyonse umalawa sowo, kuti anthu aziti wodula mitengo wabwera kudzagwira ntchito. Pa imodzi mwa nthambi zimene zinatsala panali a Gologolo, chisoti chatsopano kumutu, sowo ikunong'ona. Pansi, mayi wina wa zikhadabo zopenta atagwira chingwe changa.

"Zatsala nthambi zingati, a Gologolo? Zikatha mudzanamizira chiyani, mizu?"

Ugonthi unali utachira, anamva kamodzi. Anazimitsa sowo.

"Mayi... awa amadziwa kulemba. Za msonkho zimafuna munthu wa sukulu."

"Nanga zaka ziwiri zija chingwe sichinkafuna wa sukulu?"



Mkazi uja anandiyang'ana kuyambira pa bandeji mpaka kumutu. "Agogo, mukufuna ndani?"

Agogo! Mawu anadzaza m'kamwa, oti ndikanawatulutsa penti ikanasupuka m'zikhadabo. Koma maso anga anagwera pa dzanja lake. Chingwe anachikulunga pamkono, ndipo anaima pansi penipeni pa nthambi yochekedwa theka. Ikanangothyoka, mkono ukanapita, mwinanso mutu womwe.

Mtima wina unkati, zisiye, aone sukulu yakeyo. Koma ndinamukuwira mkaziyo.

"Masula chingwecho pamkono, iwe. Chizunguze pa thunthu kawiri, ukaime apo. Akati tsitsa, uzilekerera pang'onopang'ono."

Anachita momwemo. Nthambi inatsika bwino. Mpaka anati zikomo, osadziwa kuti akuthokoza ndani.

Zida zawo ndinazitulutsa kunja kwa geti tsiku lomwelo. Anadzatola osagogoda. Ntchito ya kuhotela akugwira awiriwo, ndipo anthu akuti mkaziyo chingwe amachigwira bwino zedi. Chimenecho ndiye chikundidya mumtima kuposa pepala lija.

Anzanga, munthu mukondeni mmene mungathere. Koma kokalembetsa dzina lanu, pitani nokha, ngakhale chokwawa.