Ndinawotcha Mfuti pa Mbaula

Inu owerenga, amene ndikukuuzani izi ndine mphunzitsi, munthu wa ndevu zanga, koma ndinatenga mfuti ndi manja angawa n'kuiika pa mbaula ya moto, akazi anga ali chikhalire patsogolo pake. Musafulumire kuseka. Kuti lero ndili ndi mkazi ndi mwana si nzeru zanga ayi.

Ine ndili ndi nthenda yokonda zinthu zakale. Ndimaphunzitsa mbiri pa sekondale ina pa boma la Kasungu, ndipo m'nyumba mwanga munadzaza nsimbi zamakala, masikelo akutha, mawailesi osalankhula. Akazi anga, a Naphiri, ankandiseka kuti ndili pa mitala, mkazi wachiwiri ndi dzimbiri.

Koma zakale zimene ndinkakonda zinali zachitsulo zokha. Miyambo ndiye ndinkaiona ngati uchitsiru. A Naphiri akangoona bambo anga, omwe ndi apongozi awo, amatsika pampando n'kugwada pansi, kaya pali fumbi kaya matope. Ine zinkandichititsa manyazi pamaso pa aphunzitsi anzanga. Atakhala ndi pakati ndiye ndinawaletseratu, ndinati zogwadagwadazi zithe, pano ndi pa tauni. Iwo ankangoti amva, koma bambo akabwera, bondo pansi.

Chaka chimenecho, msika wa fodya utatsekedwa, ndinamva kuti esiteti ina yakalekale cha ku Santhe ikutha ndipo eni ake akugulitsa katundu yense. Ine kumva zimenezo, tulo osabwera. Loweruka ndinali komweko. M'shedi mosankhira fodya anayalamo zinthu ngati chionetsero: nyali, mawotchi a pakhoma, mipando. Mfuti zazitali zosakira nyama zinali patebulo lakelake, ndipo wofuna kugula ankayamba waonetsa chilolezo cha kupolisi. Ine ndinalibe, ndinangodyetsa maso.

Ndikutuluka, pakona ndinaona bokosi la zitsulo zotha ntchito. Nditavundula, ndinagwira kamfuti kam'manja, kaja kokhala ndi kamgolo kozungulira kolongamo zipolopolo. Kanali dzimbiri lokhalokha, kamgoloko katauma gwa, mabowo ake atatsekeka ndi dothi. Mtima wanga unavina. Mkulu wogulitsa anangokayang'ana kamodzi n'kunena kuti, "Chimenecho chinafa kale achimwene, tengani pa mtengo wa chitsulo." Sindinafunse ngati malamulo amalola, sindinafunse ngati m'katimo munatsala kanthu. Paja amati safunsa anadya phula.

Kunyumba ndinakaviika m'parafini kuti kamgolo kaja kamasuke, ndikaonetse ana asukulu mmene kankazungulirira. Kanakana. Ndinathira oilo wa njinga, kanakanabe. Ndiye ndinakumbukira za kwathu ku Wimbe. Kumeneko bawuti ya ngolo ikachita dzimbiri sitilimbana nayo, timangoiotcha pamoto, ikafiira imamasuka yokha. Ndinadziona wochenjera kwabasi.

Linali Lamulungu masana, titabwera kutchalitchi. Ndinakoleza mbaula pakhonde, ndinachotsa chigwiriro chamtengo kuti chisapse, n'kugoneka kamfutiko pa makala. A Naphiri anali pampando wandalema chapafupi, akuswa mtedza m'lichero. Mimba inali itakula, kudzuka kokha kunali ntchito. Kukamwa kwa mfuti kunaloza kwa iwo, ine osalabadira n'komwe. Ankangodandaula kuti makala akudula, ine ndikuphikira mkazi mnzawo.

Posakhalitsa tinamva belu la njinga. Anali bambo, atapalasa kuchokera ku Wimbe ndi thumba la mbatata kudzaona a Naphiri. Atangoti odi, ndinaona a Naphiri akuika lichero pansi. Ndinawayang'ana ndi diso loipa, ndinati, "Khalani pomwepo inu, bambo amvetsa." Sanandimvere. Anagwira m'chiuno, anatsika pampando pang'onopang'ono, n'kugwada chapambali. Anali atangoyamba kuomba m'manja.

Phuu!

Abale inu, phokoso limenelo silidzachoka m'makutu mwanga. Makala anamwazika khonde lonse, nkhuku zinabalalika, bambo anagwa ndi njinga yawo. Utsi utachepa ndinaona a Naphiri ali chigwadire, maso ali tong'o, koma amoyo. Kenako ndinayang'ana mpando uja. Poyedzamira msana panali bowo, ndipo khoma la kumbuyo kwake linali litagumuka. Bowolo linali pamene panali chifuwa chawo kamphindi kapitako. M'kamfuti kakufa kaja munali chipolopolo chimene chinagona zaka zonsezo kudikira chitsiru chodzachiyatsira moto, ndipo chitsirucho ndinali ine.

Kwathu mpongozi wamwamuna sakhudza mkazi wa mwana wake. Tsiku limenelo bambo anaiwala zonsezo. Anathamanga, anawanyamula a Naphiri ngati khanda n'kuzungulira nawo kuseri kwa nyumba, uku akundikalipira kuti ndichoke pa mbaulapo. Anachita bwino, chifukwa apolisi atabwera, moto utazima, anapeza kuti m'kamfutimo munali chipolopolo chinanso chimene sichinaphulike.

Ku chipatala anati mayi ndi mwana ali bwino. Ndinalira ngati mwana pamaso pa anamwino, manyazi onse atatha. Apolisi ananditenga, ndinagona m'chitokosi, ndipo khoti linandilipiritsa chindapusa chifukwa chosunga mfuti popanda chilolezo. Sindinadandaule ngakhale pang'ono. Mmene ndinkalipira ndinkangoganiza kuti ndikanakhala ndikugula bokosi la maliro a anthu awiri.

Bambo sanandinyoze monga ndinkayembekezera. Nditatuluka anangondiitanira pambali n'kunena kuti, "Mwana wanga, unkasankha zakale zoti usunge. Taona chimene chinafuna kukuphera banja, uonenso chimene chakusungira."

A Naphiri ndiye anandikhululukira msanga kuposa mmene ndinadzikhululukira ndekha. Mpaka lero amandiseka kuti mkazi wachiwiri uja anachita nsanje. Mwana anabadwa wamkazi, ndipo agogo ake anamutcha Tithokoze. Ndikamuona akuthamanga pakhonde lomwe lija, ndimathokoza Mulungu, ndimathokoza bambo amene anapalasa njinga pa dzuwa lija, ndipo ndimathokoza mkazi amene anakana kundimvera.

Inu owerenga, ndakupemphani, mfuti siifa. Ichite dzimbiri chotani, wogulitsa alumbire chotani, musaitenge ngati chidole chokongoletsera nyumba. Mukaipeza m'katundu wa malemu kapena m'zitsulo zakale, musaigogode, musaiyandikize kumoto, kauzeni apolisi adzaitenge okha. Chakudza sichiimba ng'oma. Ndipo inu amuna anzanga ophunzira, musamathamangire kuletsa akazi anu ulemu umene anaphunzira kwawo.

Nsimbi, masikelo ndi mawailesi aja ndinapatsa ogula zitsulo. Ndinangosunga mpando wobowoka uja, uli pabalaza, ndipo palibe amaukhalira. Masiku ano belu la njinga ya bambo likalira pabwalo, timatsika pampando tonse awiri.