Tsiku Limene Ndinakazinga Samusa za Sitima Imodzi

Ndinabwera ku Doha kudzatsuka mapoto mu hotela ina, koma ndisanazolowere n'kutentha komwe, Kovidi anatseka hotelayo. Ine ndi anzanga tinakhala miyezi m'chipinda ku Fereej Bin Omran, kudikira tsiku lotikweza ndege. Mwayi wanga unali woti lamulo la ntchito linasintha, munthu n'kumatha kusamukira kwa bwana wina popanda kalata ya bwana woyamba. A Phiri, dalaivala wa ku Ntcheu amene tinkakhala nawo nyumba imodzi, ndi amene anandiuza za kashopu ka tiyi pafupi ndi siteshoni ya Bin Mahmoud ya metiro, sitima ya mumzinda.

"Achimwene, metro akuitsegulanso next week," anatero. "Yalla, fulumirani, pitani mukachite try. Visa ichita expire muli chigonere pano."

Mwini shopu, a Rashid a ku Kerala, sanazungulire. Anandipatsa sabata imodzi: ndikawakhutiritsa asainira kontirakiti, ndikalephera ulendo wa kwathu. Anandionetsa chiwaya chakuya cha gasi, supuni yobowolabowola yovuulira, sefa yokhetsera mafuta, ndi kabati yagalasi yokhala ndi nyale yotenthetsa. Anati metiro isanamangidwe msewu umenewo unali zii. Sitima itayamba kuyenda panabwera ometa, okonza mafoni ndi iwo omwe, ndipo itaima chifukwa cha mliri ambiri anatseka zitseko.

Za sitima ndinkadzitama kuti ndimazidziwa. Ndinakulira ku Balaka, kumene mayi anga ankagulitsa mandasi pa siteshoni. Kumeneko sitima ikamamveka, zonse zikhale zitapsa kale, chifukwa ikachoka mudzaionanso patapita masiku.

Tsiku lotsegulanso metiro, a Rashid anapita kukatenga mkaka m'mawa, n'kundisiyira matireyi a samusa zosakazinga za tsiku lonse. Safunsa anadya phula. Ndinayatsa gasi, mafuta n'kutentha, ine kukazinga zonse mpaka kabati kudzaza. Ndinaima kuseri kwa galasi ndikudziyamikira kuti mwana wa ku Balaka sangaphonye sitima.

Khamu limene ndinkalidikira silinabwere. Chifukwa cha mliri ankakweza anthu ochepa, ndiye pa khomo la siteshoni panatuluka anthu asanu ndi mmodzi, ovala masiki, otalikirana. Awiri anagula. Patapita mphindi zochepa panatulukanso ena owerengeka. Pofika cha m'ma teni, samusa zinali zitafota, m'makona mutauma gwa. Mayi wina wa yunifomu ya unesi anagula ziwiri, anakaluma panja, n'kubwerera.

"Izi ndi zadzulo?" anafunsa.

A Rashid analowa nthawi yomweyo. Anayang'ana kabati, kenako matireyi opanda kanthu.

"Wakazingira ukwati wa ndani?" anatero. "Khalas, basi, usagwirenso chiwaya. Kaime pakhomo uziyang'ana siteshoni."

Sindikubisa, ndinachita mantha. Ndinadziona ndikutsika pa Chileka ndi kachikwama komwe ndinachoka nako, mayi akufunsa kuti zatha bwanji. Koma poima paja ndinaona chimene ndinayenera kuona m'mawa. Sitima ya kuno sibwera kamodzi ayi. Imangolavula anthu pang'onopang'ono, mphindi zingapo zilizonse, tsiku lonse, ndipo aliyense ali pa liwiro.

Masana ndinawapempha a Rashid kuti tipinde samusa zina, ndiyesenso. Anandikankhira mtanda. Gulu limodzi likatuluka m'siteshoni, ndinkaponya samusa zisanu ndi zitatu m'mafuta, kuti gulu lotsatira lizipeze zili pa sefa zikufuka nthunzi. Ndinkatsegulirathu timatumba tapepala kuti munthu asaime. Zofota zija ndinapita nazo kunyumba, a Phiri n'kuzidya masiku awiri uku akundiseka.

Nesi uja anabweranso tsiku lachinayi, ndipo sanafunsenso za dzulo. Sabata itakwana, a Rashid anayala pepala pamwamba pa kabati n'kusainira. Ndinakhala pa kireti ya mkaka mpaka mtima unakhala m'malo.

Ndinawaimbira mayi n'kuwafotokozera zonse. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Sitima yobwera mphindi zilizonse? Ndiye iwe umapuma nthawi yanji?"

Ndinawauza kuti sindipuma, ndipo sindikudandaula. Mpaka lero, ndisanayatse moto pamalo achilendo, ndimayamba ndaima pakhomo kuona mmene anthu ake amabwerera.