Keke ya Achemwali pa Mtsetse wa Golomoti

Ndikukumbukira tsiku limene ndinatsika mtsetse wa Golomoti nditanyamula keke ya ukwati wa achemwali anga a Felista pamiyendo. Ndinali ndidakali ku pulayimale. Anasankha ine chifukwa amayi ankati ndine mwana wosayerekedwa. Keke yake anaphika masisitere, yoyera mbuu, yosanjikiza, yonunkhira ndimu. Amayi anangoti, "Ikaphwanyika, iwenso usafike ku ukwatiko."

Galimoto tinabwereka kwa abambo mfumu a pa parishi yathu, mzungu wochokera konkuno ku Ireland. Inali ya otomatiki. Woyendetsa anali amalume anga a Dominiko, dalaivala wa lole ya fodya. Atalowa anayamba kufufuza kilatchi ndi phazi lamanzere, kuponda pansi, osaipeza. Anagwira pakamwa ngati wina waiba.

Tsono madalaivala akwathu anali ndi chizolowezi chawo. Pamtsetse ponse ankachotsa giya, galimoto izingotsetsereka yokha, ati kusunga petulo. Amalume ankanyadira zimenezo kuposa ana awo.

Titayamba kutsika, anachotsa phazi pa moto. M'malo mothamanga, galimoto inayamba kudzigwira yokha, injini ikubuula ngati ng'ombe yokana goli. Keke inasendera kutsogolo, ine n'kuikumbatira mbale yake. Amalume anapondanso, n'kuchotsanso phazi. Chimodzimodzi.

"Iyi ndi ya tchalitchi ndithu," anatero. "Ikuopa tchimo."

Basi anakankhira ndodo ya giya pa N, kuchotsa giya monga mwa chizolowezi. Abale inu! Mitengo inayamba kudutsa ngati ikuthawa nkhondo. Pakona iliyonse keke inkapendekera uku, ine uko. Kenako kunabwera fungo la mabuleki akupsa, lija loyabwa kummero. Amalume thukuta linali kamukamu m'khosi mwa suti yobwereka.

"Amalume, keke!"

"Gwira keke iwe, ine ndagwira moyo!"

Sindikudziwa ngati zinali nzeru kapena mantha, koma anabweza ndodo ija pamene inali. Galimoto inagwedezeka kamodzi, injini inabangula, liwiro n'kuyamba kutsika. Kugwedezeka kumeneko n'kumene kunalowetsa mphuno yanga mu keke.

Tinafika amoyo, keke ili ndi chibowo chimodzi. Azakhali anathyola duwa lofiira pampanda n'kutsekapo, alendo n'kumayamikira kuti masisitere ali ndi luso. Amayi anayang'ana keke, anayang'ana shuga pamphuno panga, n'kundipukuta ndi nsonga ya chitenje. Mpunga ndinadya nawo.

Pano ndine mayi wamkulu, ndimakhala ku Coolock kuno ku Ireland, ntchito ndimagwira yosamalira okalamba ku Skerries. Laisensi ndinaipeza mochedwa, ya otomatiki yokha. Nditangogula kagalimoto kanga, ndinaona kuti ndikachotsa phazi kakudzikoka m'mbuyo ngati wina wandipondera buleki. Ndinati basi andigulitsa chakufa. Ndinapita nako kwa makaniko wina wa ku Zambia amene timapemphera naye. Anaseka mpaka kugwira bonet. Anati amai, ili bwino iyi. Mukachotsa phazi, injini imasiya kukankha matayala, matayala ndi amene amayamba kuzunguza injini, ndiye injiniyo imalemera n'kuigwira galimoto. Pamtsetse imadzitsitsiranso giya yokha kuti mabuleki apume.

Ndimaganiza nthawi zina, kaya ndikulakwa kaya, kuti kale luso lonse linali m'phazi la munthu, pano analilowetsa m'chitsulo. Mwana wanga wamkulu akuphunzira kuyendetsa, iye akudziwa kuti N ndi ya ku car wash basi, kumene makina otsuka amakoka okha galimoto.

Amalume akalamba tsopano. Ndinawaimbira foni n'kuwafotokozera zonse, mpaka zoti galimoto za masiku ano ukachotsa phazi zimadula petulo zokha, osachotsa giya. Kumbuyo kwawo ndinkamva nkhuku.

"Tsono madalaivala akwanuko," anafunsa, "amalandira malipiro a chiyani?"