Nkhuku Zoyera za ba Cephas

Pali chinthu chimodzi chimene sindinamvetse pa ba Cephas Chisala. Anagwira ntchito zaka zambiri pa kampani yogaya chakudya cha ziweto, ndipo ankadziwa bwino kuti nkhuku yoyera ya nyama imakula ndi chakudya cha m'thumba. Nanga anafika bwanji pokhulupirira kuti ingaphunzire kudzifunira yokha ngati ya kumudzi?

Tinayandikana nyumba m'komboni ya George. Kwawo kunali ku Kasama. Akazi awo anali atamwalira, ana ali ku Kitwe. Kampani itagulitsidwa, m'zaka zija ufa unkakwera mtengo sabata ndi sabata, anawachotsa ntchito. Anagula anapiye, nawamangira khola la malata akale kuseri kwa nyumba. Gulu loyamba ndi lachiwiri anagulitsa bwino. Lachitatu analonjeza kwa ba Philomena, mtsogoleri wa amayi a kutchalitchi kwawo, amene ankakwatitsa mwana wawo Marjory. Nkhukuzo zikanakoma, maukwati onse a mumpingo akanakhala awo. China chodyera analibe.

Anapiye asanakhwime, thumba la chakudya linadula mosafikirika. Ngakhale gaga anasowa, poti anthu anayamba kumusefa n'kumadya okha.

M'mawa wina ndinawapeza atatsegula khola. Nkhuku zinangoima pakhomo, zikuphethira ndi dzuwa. Iwo anagwada pansi atavala ovolosi yakale ya kukampani, n'kumapalasa dothi ndi zala kuti nkhuku zionere.

Ba Enos, makanika wa galaja yoyandikana nafe, anasuzumira pampanda.

"Ba Chisala, na nkhuku mwazichotsa nchito?"

"Zili pa kosi yophunzila kuzifunila chakudya, ba Enos. Nkhuku ni nkhuku. Ku Kasama ndani anazigulilako saka ya chakudya?"

"Izi ni za mu tauni monga ise, mudala. Mailo kukacha zizafuna tiyi na buledi."

Sindinganene kuti inali nzeru, koma kupirira anali nako. Patapita masiku nkhuku zinayamba kujompha. Tsono inali nthawi ya chilimwe, ndipo malo obiriwira okha anali m'mbali mwa ngalande yotsika kuchokera kugalaja, mmene munkamera bondwe ndi udzu. Kumeneko ndiko ankazikusira ndi kamtengo, zikuyenda pang'ono n'kukhala pansi chifukwa cha kulemera. Nkhuku yoyera sidziwa kusankha. Imazula msipu ndi mizu yomwe, n'kumeza pamodzi ndi dothi. Ba Cephas ankaziona zimenezi osadandaula. Ankati nkhuku zakwawo nazo zimadya dothi, limazithandiza kugaya chakudya. Koma dothi lakwawo silinamwepo oilo wakuda ndi madzi a mabatire.

Ukwati uli mawa, amayi anabwera ndi mabeseni ndi madzi otentha. Anapha nkhuku zingapo nazisosola akuimba. Ba Philomena anatumbula yoyamba, nang'amba nthutumba. Munatuluka matope akuda, onyezimira. Ananunkhiza, natumbula ina. Chimodzimodzi. Nyimbo inatha. Anawiritsa ntchafu imodzi pambaula kuti alawe, ndipo fungo lake la oilo linafika mpaka pakhonde panga.

"Ba Chisala," anatero ba Philomena, "mufuna bapongozi bakambe ati tabaphikila minibasi?"

Mayi mmodzi anaseka, koma analekeza msanga.

"Sukani na muchele, mayo. Ni dothi chabe," anatero ba Cephas.

"Dothi ya kuti, batata? Imwe lawani," ba Philomena anawayankha bambowo.

Ba Cephas anatenga nthuli naiika m'kamwa. Anatafuna nthawi yaitali pamaso pa onse, nameza. Amayi anakhuthula madzi, nanyamula mabeseni awo.

Paukwati anthu anadya nyemba ndi kabichi. Mbiri inafika kumsika ba Cephas asanafikeko, kotero kuti nkhuku zotsala palibe anazifunsa mtengo. Ba Enos anadzipereka kugula ziwiri, mwina ndi manyazi, koma ba Cephas anakana. Anazipha zonse nazikwirira m'dzenje lakuya kuti agalu ndi ana asazifukule. Lamulungu lotsatira sanapite kutchalitchi.

Pakati pa sabata mwini nyumba imene ba Cephas ankachita lendi anapeza kiyi ali pachitseko. Mayi wina wogulitsa makala anati anawaona m'mawa akuyenda cha kumsewu waukulu, chikwama paphewa, osakwera basi. Tinatumiza mawu ku Kitwe, ana anati sanafikeko. Ku Kasama nako anati sanawaone.