Tikakolola Katatu

Tsiku limene achemwali anga a Esinta, omwe ndi namwino ku Perth, kutsidya kwa nyanja, anaimba foni kuti malo a sukulu apezeka, sindinaganize kawiri. Dipuloma ya zaulimi ndinali nayo, koma ntchito yanga inali yoyeza feteleza pa sikelo m'sitolo ya munthu pa Mponela. Chondigwira mwendo chinali chimodzi: Takondwa, mtsikana amene ndinali nditamufunsira mbeta, chinkhoswe tisanachite. Anandiperekeza pa depoti maso ali gwa. Amene ankapukuta mphuno ndine.

Ku Balga, dera lina la mu Perth, ndinkagona pabalaza kwa achemwali. Ana awo ndikawapatsa moni ankayankha m'Chingerezi chotulukira m'mphuno, ine n'kungoti eya, osamva kanthu. Ganyu ndinaipeza kummwera, njira ya ku Rockingham, pa kampani yolima chamba cha mankhwala ndi chilolezo cha boma. Inde, chamba! Ine mwana wa mkulu wa mpingo. Achemwali anaseka mpaka kukhala pansi.

Kumeneko mbewu sidziwa mvula, sidziwa dzuwa. Zonse ndi m'nyumba, nyengo timaipanga tokha ndi magetsi. Ine anandipatsa ntchito yokonza kalendala: chipinda ichi mbande, ichi zikukula, icho zikuchita maluwa, kuti tikamakolola kuno, uko zikhale zikukhwima. Chipinda chimodzi chinkakololedwa kanayi pachaka, ndipo mutu wanga unazolowera kuwerenga nthawi motero.

Ndiye tsiku lina ndili ku shifiti anandiimbira a Chisale, malume ake a Takondwa.

"A Limbani, mwana wathu sangamangodikira mphepo. Ena akubwera kudzafunsa. Mubwera liti?"

Ine maso ali pa kalendala yanga, ndinati, "Malume, tikakolola katatu ndafika."

"Katatu? Chabwino. Kukolola kwachitatu kukadutsa, tisadzadandaulane."

Ndinkanena miyezi isanu ndi inayi. Sipanapite nthawi, Kolona anafika, malire n'kutsekedwa. Kutuluka unkatha kutuluka, koma osabwereranso: sukulu yathera pomwepo, ntchito yathera pomwepo. Ndinakhala.

Zokolola zanga zitatu zinadutsa. Chachinayi, chachisanu, mpaka ndinaleka kuwerenga. Anzanga akamasangalala kuti chipinda chabereka bwino, ine mtima unkandiwawa, chifukwa kukolola kulikonse kunkandikumbutsa kuti tsiku langa linapita kale. Mapemphero anali a pa foni. Mu sitima aliyense chophimba kukamwa ndi mphuno, kukhala motalikirana. Kusungulumwa ndinakudziwira ku Perth, sindinama. Ndalama ndinkatumiza mwezi ndi mwezi, koma ndalama sizikhala pa mphasa ya chinkhoswe.

Ndinamuuza Takondwa kuti, "Nthawi ija yatha. Ndiwaimbire malume ndipepese."

"Inu a Limbani, musayerekeze! Gwirani ntchito basi."

Sanafotokoze zambiri. Ndinayamba kuganiza kuti mwina wina analowa kale pakhomo, akungondimvera chisoni. Ndinaonda, achemwali mpaka anandiyeza shuga.

Malire atatsegulidwa ndinapempha tchuthi, ndipo abwana anga, Mulungu awadalitse, anagwira okha kalendala ija. Ndinafika kwathu chimanga chikuuma m'minda. Tinapita kwa a Chisale ndi malume anga, mawu opepesa ndawaloweza kuchokera mu ndege. Ndisanatsegule pakamwa, a Chisale anauza anthu onse pakhonde:

"Mwamuona? Anati tikakolola katatu. Chimanga chachitatu icho chili chiimire, sitinadule n'komwe. Uyu ndi munthu wosunga mawu. Chinkhoswe chichitike."

Ndinayang'ana Takondwa. Iye ankangoyang'ana zala zake, akumwetulira chamumtima.

Potiperekeza, ndinatsalira m'mbuyo ndi a Chisale. Chikumbumtima chinanditsutsa.

"Malume, kuja ndimagwira ntchito kuja timakolola…"

"Kanayi pachaka," anandidula. "Takondwa anandiuza chaka choyamba chomwe, akulira. Koma inu munati tikakolola. Simunanene munda wa ndani. Ine magetsi ndilibe, ndimawerenga wanga."

A Chisale anakana anyamata awiri m'zaka zimenezo, mmodzi wa galimoto, osandiuza n'kamodzi komwe. Ine ndinkayesa kuti ndili ndekha kutsidya kwa nyanja, chonsecho kwathu kunali munthu akunditalikitsira chingwe mwadala.

Ndinagwada pamsewu pomwepo, a kabaza akundizemba ndi njinga zawo, misozi ili chuchuchu.

"Zikomo, malume. Zikomo kwambiri."

"Aaa, dzukani apongozi," anatero akundikoka dzanja. "Anthu ayesa ndakukanizani mkazi."