Chifuwa cha Agogo a Zuze

Fungo la chijasi chonyowa ndi mame, chosakanikirana ndi utsi wa makala, limandibwezera kwa agogo a Zuze, bambo awo a bambo anga. Anabwera kuchokera ku Mozambique nthawi ya nkhondo, ndipo ankalondera sitolo ya Amwenye ku Limbe. M'mawa uliwonse tinkamva nsapato zawo zikukhukhuluzika pakhonde kwathu ku Chimwankhunda, ife ana n'kuthawira kuseri kwa nyumba. Sankaseka, malaya ankamanga mabatani mpaka pakhosi, ndipo amayi, pokhala mpongozi wawo, ankawalonjera atagwada chapatali.

Mng'ono wanga Tadala anabadwa wosakwana masiku, m'nyengo ya chiperoni, bambo ali ku Joni. Anali kanthu kokwana m'manja awiri. Kuchipatala anauza amayi kuti azimuika pachifuwa, khungu kukhungu, usana ndi usiku. Koma atangobwerera kunyumba, bala la opaleshoni linatupa, thupi linatentha, moti ankalephera ngakhale kudzuka.

Azakhali ndi azimayi oyandikana nafe anadzaza m'nyumba, koma panalibe wofuna kumugwira mwanayo ndi manja. Onse anali apabanja, ndipo mwambo umati munthu wogona ndi mwamuna ndi wotentha, akakhudza khanda losatuluka m'chikuta amalidwalitsa. Choncho anachita zomwe akanatha: anamukulunga m'zitenje, pamwamba shawelo, pamwamba penanso bulangeti lochindikala mpaka kumutu, mbaula n'kuisendeza pafupi. Ine ndinkaona kuti akumusamala bwino zedi.

Agogo atafika, anaima pakhomo la chipinda cha amayi, malo amene anali asanapondepo. Kenako analowa. Anavundukula zofundazo chimodzichimodzi n'kugwira kaphazi ka Tadala.

“Mwanayu wazizira,” anatero. “Tulutsani mbaulayo, utsi umupweteka.”

Zimene zinatsatira sindinaziiwale. Anavula chijasi, anamasula mabatani, n'kuvula malaya pamaso pa mpongozi wawo. Amayi anatembenukira kukhoma. Azakhali anagwira pakamwa. Ine ndinachita mantha ngati ndaona maliro, chifukwa ndinkadziwa kuti zoterezi sizichitika.

“Ababa, anthu adzati chiyani?” azakhali ananong'ona.

“Mkazi wanga anamwalira kalekale. Wozizira kuposa ine ndani muno? Bweretsa chitenje undimange.”

Anamugoneka Tadala pachifuwa chawo cha imvi, kamutu kali chammbali, mphuno ili poyera, ndipo azakhali anawamanga chitenje. Anakhala pampando osagona, akumupereka kwa amayi nthawi yoyamwa yokha. Kuntchito sanapite mpaka amayi atachira, ndipo pamene anapitako anapeza alemba mlonda wina. Anthu odutsa ankasuzumira pawindo kudzaona nkhalamba yovala chitenje, ena n'kumaseka poyera. Mpaka lero zimandipsetsa mtima.

Tsiku lina ndikuwapatsa tiyi, ndinalimba mtima.

“Agogo, simukuchita manyazi?”

“Bambo ako anali ndi mng'ono wawo,” anatero. “Pothawa nkhondo ndinamukulunga m'masaka, mutu womwe, kuopa mphepo ya m'phiri. Ndinayenda naye mpaka ku Muloza ndikuyamikira kuti mwanayu sakuvuta. Pomuvundukula n'kuti atapita kale.”

Tiyi uja anatayikira pansi. M'banja mwathu munalibe amene anatchulapo za mwana ameneyo, ngakhale bambo.

Tadala anakula, lero ndi chimunthu chodzaza pakhomo. Ana anga ali makanda ndinkawagoneka chagada m'timatumba ta zipi togula pakaunjika, tofika m'mapewa basi, nkhope ili pamtunda. Koma ndikakwera minibasi n'kuona mayi atafunditsa khanda bulangeti mpaka kumutu, ndimalephera kukhala chete. Ndimati, “Pepani mayi, tamuvundukulani kumaso ndimuone.” Ena amandiyankha kuti mwana si wanga. Sindichotsa maso mpaka nditaona kamphuno kakupuma.